Khadi Limene Martina Daka Anakana Kusaina

Achemwali anga a Martina Daka anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi chimodzi pafakitale ina yoveka matayala ku Southerton, mu Harare muno, ndipo tsiku limene anawachotsa, mlonda anawaperekeza mpaka pageti ngati munthu amene wagwidwa akuba. Dzina la fakitaleyo sindilitchula. Inatsekedwa kalekale, m'nyumba zake muli tchalitchi tsopano, koma ine ndikadutsapo mtima umandiwira ngati zachitika dzulo.

Ine ndine Esinati, mng'ono wawo. Ndimagulitsa tomato ku Mbare Musika. Sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhani iyi ndinaimva kambirimbiri mpaka manambala ake anandikhazikika m'mutu, ndipo zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Atate athu, a Chiza Daka, anachoka ku Katete, ku Zambia, ali mnyamata, nadzapeza ntchito yothira mafuta m'ngolo za sitima ku Lochinvar. Ife tonse awiri tinabadwira mu Harare momwemu, tinakulira ku Mufakose. Amayi atamwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Sisi Martina, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndiwo anandilera. Anandilera ndi dzanja lolimba. Kusukulu masamu ankakhoza kuposa anyamata onse, koma atamaliza Fomu 4 atate analibe mphamvu zowapititsa kukoleji. Mu 1987 analowa pafakitale ija ngati wosesa m'chipinda choyezera zinthu.

Mwina simudziwa kuti tayala lakutha amaliveka bwanji. Amalipala pamwamba ponse, n'kulikulunga ndi labala wosaphika, kenako n'kulitsekera m'chikombole chachitsulo chimene chimatenthedwa ndi nthunzi yochokera kuboyila. M'menemo labala amapsa, n'kumamatira, n'kutuluka ali ndi mizere ngati tayala latsopano. Nkhani yonse yagona pa kutentha. Kukachepa, kunja kumaoneka bwinobwino koma m'kati labala amakhala wamuwisi, ndipo tsiku lina pamsewu amasendeka ngati khoko la nthochi.

Zikombole za pafakitalepo zinachokera ku Amereka ife tisanabadwe, ndiye mageji ake ankawerenga kutentha m'Farenihaiti. Pa chikombole chilichonse panali khadi lonena kuti kutentha kukhale 302, ndipo kukwere kapena kutsike ndi madigiri 9 basi, osapyola apo. Injiniya wa pamenepo anali a Zacarias, bambo wa ku Beira wosakonda kuseka. Tsiku lina anapeza Sisi Martina, tsache lili m'khwapa, akuwongola samu imene iwo anaiphonya pabolodi. Sanawakalipire. Anawalanda tsache n'kuwapatsa pensulo. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kuzungulira zikombole pa theka lililonse la ola, kuwerenga geji, kulemba, ndipo tayala likapsa moyenera, kulidinda sitampa. Tayala lopanda sitampa silinkatuluka pageti.

A Zacarias anawaphunzitsanso kalembedwe kake. Polemba kutentha kwenikweni, kabwalo kaja ka digiri ankakaika kutsogolo kwa chilembo, motere: 302 °F. Polemba kusiyana kwa kutentha, ankakaika kumbuyo, motere: 9 F°. Pansi pake ankalemba malire onse awiri, apansi ndi apamwamba, kuti munthu wotopa asachite kuwerengera yekha. Sisi analemba choncho zaka zonsezo, moti ngakhale kunyumba ankatha kukukalipira ukalemba nambala mopendama.

Kenako dziko linavuta. Mu 2007 a Zacarias ananyamula mabuku awo n'kupita ku Botswana. M'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, makombi, maminibasi aja, anasowa, Sisi anayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Mufakose mpaka ku Southerton. Chimene chinkasunga anthu pafakitale chinali thumba la ufa ndi botolo la mafuta ophikira, zimene ankapatsidwa mwezi ukatha. Kunyumba kwathu tinalipo asanu ndi mmodzi: atate okalamba, Sisi ndi mwana wawo Rumbi, ine ndi ana anga awiri. Mwamuna wa Sisi anapita ku Joni kalekale ndipo sanamvekenso. Thumba lija ndilo linali mwamuna wa pakhomopo.

Kumayambiriro kwa 2008 mageji akale anayamba kufa limodzilimodzi. Mwini fakitale anakagula atsopano ku Joni, owerenga m'Selisiyasi. Anabweretsanso manijala watsopano, Clive, mwana wa mlamu wake, munthu wa zaka zosakwana makumi atatu amene anaphunzira za malonda. Ankavala tayi m'malo amene anthu amatuluka thukuta lakuda. Sabata imene ankamanga mageji atsopano atate anadwala kwambiri, miyendo inatupa, ndipo Sisi anakhala kunyumba masiku anayi. Clive sanawadikire. Anatenga kalikuleta n'kulemba yekha makhadi atsopano.

Sisi atabwerera Lachisanu anapeza pa chikombole choyamba khadi loyera bwino: 150 °C, kukwera kapena kutsika ndi 13. Analizula n'kupita nalo kumene Clive anaima ndi amuna a pazikombole. Ankalankhulana m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ine ndikuika m'chathu monga momwe anandifotokozera.

"A Clive, khadi ili walemba ndani?"

"Ndalemba ine. Pali vuto?"

"150 ali bwino. Nanga 13 uyu wachokera kuti?"

Clive anatulutsa kalikuleta m'thumba la malaya. "Njira yake ndi imodzi, mayi, ngakhale ana a sukulu amaidziwa. Chotsani 32, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 9. Pa 302 kwatuluka 150. Pa 9 kwatuluka 12.8, ndangokweza kufika pa 13."

"Kutsogolo kwa 12.8 kunali kachizindikiro kochotsera. Mwakataya kuti?"

"Malire sangakhale ochotsera, ndiye ndakachotsa."

"Kalikuleta yanuyo inkakuuzani kuti mwalakwa, inu osamva."

Amuna aja anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunaipitsa zinthu. Sisi anatembenuza khadi lija n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. "Taonani. Malire apansi akale ndi 302 kuchotsa 9, ndiye 293. Kumeneko ndi kutentha kwenikweni, kusintheni ndi njira yanuyo. Kukutuluka 145. Apamwamba ndi 311, kukutuluka 155. Ndiye kuti asanu uku, asanu uku. Pa 9 uja simuchotsa 32 ayi, mumangochulukitsa ndi 5 n'kugawa ndi 9. Khadi lanuli likulola tayala lophikidwa pa 137. Limenelo ndi laliwisi."

Clive anayang'ana manambala aja nthawi yaitali. Kenako anati, mokweza kuti onse amve, "Inu maBhurandaya mumavuta. Satifiketi yanu ya uinjiniya ili kuti?"

Dzina limenelo, lotanthauza a ku Blantyre, ndi limene amatinyozera nalo mu Harare, kaya makolo ako anachokera ku Malawi kaya ku Zambia, iwo alibe nazo ntchito. Sisi anayankha kuti, "Blantyre sindinapondeko, ndinabadwira ku Mufakose. Ndipo labala sakufunsa kwathu. Konzani khadi."

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti Clive anamvetsa. Kulakwitsa samu aliyense amalakwitsa. Koma iye anaona kuti walakwa, anapita kwa amalume ake aja, anakhala m'ofesi ola lathunthu, n'kutuluka osasintha nambala ndi imodzi yomwe. Lolemba m'mawa mwini fakitale anawaitana Sisi.

"Mai Daka, malasha amene tikupeza masiku ano ndi dothi lenileni. Magetsi amabwera pamene afunira. Boyila sikudutsa 140. Tikatsata 145 wanuyo palibe tayala lituluke. Anthu onsewa mukawadyetsa inu?"

"Ndiye tiwonjezere nthawi yophika, bwana. Tayala lizikhalitsa m'chikombole, tiziyesa limodzi podula kuti tione ngati lapsa. Atuluka ochepa koma abwino."

"Ochepa sangatisunge. Sainani khadi, mupitirize ntchito yanu."

"Sindisaina."

Tsiku lomwelo anawalanda sitampa n'kuipereka kwa Bonface, bambo wa ana asanu amene ankayendetsa chikombole chachitatu, munthu wofatsa amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Sisi anawatumiza kubwalo kukagubuduza matayala akutha padzuwa. Mwezi utatha, dzina lawo silinapezeke pa mndandanda wa olandira ufa. Anati ufa ndi wa anthu a m'zikombole, a kubwalo ayi.

Apa ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Ine ndinawakalipira. Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, m'nyumba mulibe chophika koma mbatata zochepa zowola mbali zimene ndinatola kumsika.

"Sisi, madigiri asanu ndi atatu okha! Mutiphe ndi njala chifukwa cha madigiri asanu ndi atatu? Bwanji osangosaina? Mwina Clive uja akunena zoona, iye anapita kukoleji."

Anandiyang'ana ngati andimenya. "Iwe, ukayeza mbatata zili m'kireti, umatani?"

"Ndimachotsera kulemera kwa kireti."

"Kasitomala akati onjezera kilo imodzi, pa kilo imeneyo umachotseranso kireti?"

"Ndingachotserenji? Kireti ndachotsera kale."

"Ndiye 32 uja ndi kireti. Mwana uja wachotsera kireti pa kilo yowonjezera. Iwe wa tomato wamva kamodzi. Iyenso anamva. Akungofuna dzina langa pansi pa bodza lake."

Ndinapitiriza kulongolola mpaka atate, amene anagona pamphasa miyendo ili pa pilo, anatukula dzanja. "Esinati, musiye mkulu wako. Ine ndinaonapo ekiselo ya ngolo itafiira ngati khala chifukwa wina analemba kuti wathira mafuta asanathire. Amene anakapsa manja pozimitsa si amene analemba." Ine mtima sunatsike. Sabata ziwiri sindinawalankhule Sisi.

Iwo sanalekere pomwepo. Loweruka lililonse ankabwera ku Mbare, kumene amaima mabasi ndi malole, n'kumayenda akuwerama, kuyang'ana m'mbali mwa matayala. Tayala la pafakitale pawo linali ndi chizindikiro ndi nambala ya sabata imene linaphikidwa. Akapeza la pambuyo pa khadi latsopano, ankaitana dalaivala n'kumuuza kuti ndi laliwisi. Ena ankaseka, mahwindi oitanira anthu aja ankawatcha amisala. Ine ndinkabisala kuseri kwa mabokisi anga kuti anthu asadziwe kuti ndi abale anga.

Mmodzi mwa madalaivala amenewo anali Lameki, amene ankayendetsa lole yotibweretsera tomato kuchokera ku Mutoko. Makolo ake anali a ku Dedza, ndiye iye ndi Sisi analankhulana m'Chichewa.

"Achimwene, awiri akutsogolowa ndi aliwisi. Achotseni."

"Mayi, ndichotse ndivale chiyani? Tayala latsopano m'dziko muno mulibe. Abwana anga anachita kupempha kuti apeze amenewa."

"Ndiye aikeni kumbuyo, kumene ali awiriawiri. Ndipo musathamange dzuwa likatentha."

Lameki analonjeza kuti asintha Lamulungu. Lamulungu linafika, jeke inali itabwerekedwa, ndipo sanasinthe.

Ngozi inachitika mu Ogasiti, masana dzuwa lili pamutu, lole ikutsika chitunda pa msewu wa Mutoko. Labala wa tayala lakumanzere anasendeka yense n'kukulunga chitsulo chowongolera. Lole inasiya msewu n'kukagona chammbali m'ngalande. Pamwamba pa mabokisi panali amayi asanu ndi awiri amene anapita kukagula tomato kuminda. Awiri anathyoka miyendo. Mmodzi, dzina lake Lidia, anaponyedwa patali n'kugwera chagada pamwala.

Lidia anali mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa. Banja lawo linachotsedwa papulazi ya fodya ku Banket, ndipo iye ankasunga amayi ake okalamba m'chipinda chimodzi m'mafulati a ku Mbare. Ankaimba pogulitsa, ngakhale tsiku lopanda wogula. Anathyoka msana. Kuchipatala kunalibe mankhwala, kunalibe ngakhale thonje, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Zaka zake zinali makumi atatu ndi chimodzi.

Titaika maliro, Lameki anabwera kwathu, mkono uli m'nsalu, atanyamula thumba. M'thumbamo munali chidutswa cha labala uja, chachitali ngati munthu. Anangochiyala pakhonde. Sisi anagwada n'kuchitembenuza. Anakanikiza chikhadabo cha chala chachikulu kumbali imene inkayenera kumamatira, ndipo chikhadabo chinalowa ngati m'sopo wonyowa. Ananunkhiza. Kenako anaimirira n'kukankha ndowa ya madzi ndi phazi mpaka inakagunda mpanda. Madzi amenewo ndinawapeza nditaima pamzere wa pachitsime theka la tsiku.

Lolemba anakoleka chidutswacho pamapewa n'kuyenda nacho wapansi mpaka ku Southerton. Analowa m'ofesi ya Clive osagogoda n'kuchiponya patebulo, pamwamba pa mapepala ake.

"Ameneyu ndi 13 wanu uja. Dzina lake ndi Lidia. Amayi ake ali ku Mbare, ngati mukufuna kukawafotokozera ndi kalikuleta."

Clive anaimirira n'kubwerera m'mbuyo mpaka anatsamira khoma. "Mukudziwa bwanji kuti ndi lathu? Mwina lole inadzaza mopyola. Mwina dalaivala analedzera."

"Nambala ya sabata ili apo. Sitampa ili apo. Lowetsani chala, iwe mwana, usaope kudetsa tayi!"

Anthu onse a m'zikombole anamva. Ndipo sanali Lidia yekha. Sabata zimenezo eni mabasi ndi malole anayamba kubweza matayala osendeka, ena akulalata pageti. Mwini lole ya Lameki anaopseza kuti apita kukhoti. Fakitale inafunika munthu woti imuloze chala, ndipo inamupeza kubwalo akugubuduza matayala. Kalata imene anawapatsa Sisi inati pamapepala iwo akadali oyang'anira kayezedwe, kuti ndi iwo anasintha manambala molakwika, ndiponso kuti anaipitsa dzina la kampani ku Mbare.

Tsiku la mlandu wawo ndinatseka tebulo langa n'kupita nawo kufakitale. Mlonda anafuna kundiletsa koma ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo anandisiya ndikhale pabenchi pafupi ndi chitseko. Kutsogolo kunakhala mwini fakitale, Clive, ndi bambo wina woimira antchito amene maso ake sankachoka pansapato zake. Clive anatulutsa khadi la 13 lotayipidwa bwino, pansi pake pali zilembo M.D. zolembedwa ndi bolopeni.

Sisi analiyang'ana n'kuseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ngakhale kuba simukudziwa. Tsegulani kabati iyo, mutenge khadi lililonse la zaka makumi awiri. Ine kusiyana kwa kutentha ndimalemba kabwalo kali kumbuyo kwa chilembo, ndipo pansi ndimalemba malire awiri. Apa kabwalo kali kutsogolo, malire palibe. Wolemba ichi sadziwa n'komwe kuti pali kusiyana."

"Sitinabwere kudzaona kalembedwe ka munthu," anatero mwini fakitale.

Pamenepo Sisi anatulutsa m'chikwama choyezera kutentha chagalasi chimene a Zacarias anasiya m'dirowa, chokhala ndi Farenihaiti mbali ina ndi Selisiyasi mbali ina. Anachiika m'manja mwa woimira antchito uja. "Bambo, simufunika sukulu. Ikani chala paliponse. Werengani timizere tisanu ndi tinayi mbali iyi. Tsopano onani mbali inayo, mwadutsa tingati?"

Bambo uja anawerenga. "Tisanu."

"Yambirani pena."

Anayambira pamwamba. "Tisanu."

"Paliponse mupeza tisanu. 13 palibe. Munthu amene wagwira galasi ili zaka makumi awiri angalembe 13?"

Bambo uja anayang'ana mwini fakitale, kenako anaika galasi lija patebulo pang'onopang'ono ngati lamuotcha. Mwini fakitale anaitana Bonface. Analowa atagwira chipewa ndi manja awiri. Mwini fakitale anamufunsa kuti khadi limene ankatsata analandira kwa ndani. Sisi anamuyang'ana. Ine ndinamuyang'ana. Bonface analipo tsiku lija pamene Clive anavomera kuti khadilo analemba yekha, ndipo anali mmodzi wa amene anaseka.

"Sindikukumbuka bwino, bwana. Ndinangolipeza pa chikombole."

"Bonface!" ndinakuwa ndili pabenchi. "Lamulungu udzaimba nyimbo ndi pakamwa pomwepo?"

Mlonda anandikokera kunja, ndiye chigamulo sindinachimve. Sichinatenge nthawi. Patapita mphindi khumi Sisi anatuluka, kalata ili m'manja, nkhope ili gwa. Tinayenda mpaka ku Lochinvar. Pamenepo anaima n'kunena kuti, "Ndikanawabaya ndi mpeni matayala a Lameki aja. Ndinali nawo pafupi, ndinangolankhula." Ndinati mlandu si wawo. Anandiuza kuti nditseke pakamwa.

Sabata yotsatira makhadi onse anasinthidwa mwakachetechete. Analembapo 145 mpaka 155, manambala omwe aja a kumbuyo kwa khadi. Boyila inalephera kufikapo, matayala anasiya kutuluka, labala naye anatha, ndipo mu Novembala fakitale inatsekedwa. Mlandu wa mwini lole unafera m'njira. Clive anakwera ndege kupita ku England, ndipo ndimamva kuti ali bwino, ananenepa.

Mu Disembala, kolera ili pakati, Bonface anafika pakhomo pathu m'mawa. Anali ataonda mpaka kolala ya malaya inkazungulira khosi. Anakana kulowa. Anatulutsa m'Baibulo khadi lopindika, lija loyamba lolembedwa ndi dzanja la Clive, kumbuyo kwake kuli masamu a Sisi. Anati analitola pansi tsiku la mkangano n'kulisunga.

"Ndinali nalo m'thumba tsiku la mlandu, amayi. Ndinaopa. Ana asanu."

Sisi anali akuwiritsa madzi akumwa pa moto wa nkhuni panja. Sanaimirire. "Wabwera nalo lero kuti nditani nalo? Ndikasumire ndani? Geti lili ndi loko."

"Ndimafuna mundikhululukire."

"Ine ndili moyo, Bonface. Wasochera khomo. Tiye."

Anaphula madzi, anavala nsapato, n'kumutenga wapansi mpaka ku Mbare, ine ndikutsatira. Tinakwera masitepe onunkha a mafulati aja mpaka pachipinda cha amayi a Lidia. Gogoyo anatilandira atakhala pabedi. Sisi anagwada, anapereka moni mwaulemu, kenako anauza Bonface kuti afotokoze yekha. Anafotokoza akulira, za mageji, za khadi, za sitampa imene ankadinda akudziwa. Gogoyo sankadziwa kuwerenga, ndipo za madigiri sanamve kanthu. Anamvetsera mpaka pamapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye mukuti munkadziwa nonse?"

Bonface anagwedeza mutu kuvomera.

"Inunso mayi?"

"Inenso ndinkadziwa, amayi. Ndinakana, koma sindinaletse."

Gogoyo anasisita bondo. Kenako anati, "Tulukani, ndatopa. Koma bamboyo asapite. Zigubu zanga zilibe madzi, ndipo amene ankanditungira munamupha." Bonface anatenga zigubu ziwiri n'kutsika nazo. Ndinamva kuti anapitiriza kuwatungira Loweruka lililonse mpaka pamene gogoyo anatengedwa ndi achibale kupita ku Epworth. Sisi sanamulankhulenso, ngakhale kutchalitchi.

Atate anamwalira chaka chotsatira. Sisi anagulitsako makandulo, anasokako mayunifolomu, kenako mphunzitsi wina wopuma amene anatsegula kasukulu kuseri kwa nyumba yake ku Mufakose anawapempha kuti aziphunzitsa masamu kwa ana obwereza Fomu 4. Ali komweko mpaka pano. Ana amawaopa. Mwana akalemba yankho lopanda muyeso wake, nambala yokha ili mbulanda, amang'amba tsamba lonse. Makolo amadandaula, koma chaka chilichonse amabweretsa ena, chifukwa ana awo amakhoza. Tsitsi layera, mtima sunazizire. Rumbi anakwatiwa ku Gweru ndipo amati amayi ake amakalipa ngakhale pafoni.

Mwezi watha tinakwera kombi limodzi kuchokera m'tauni, ine ndili ndi mabasiketi awiri. Titadutsa Kambuzuma, Sisi anaweramitsa mutu ngati akumvetsera china pansi pa mpando. Ine sindinamve kalikonse koma wailesi. Anamenya denga ndi chikhatho.

"Imitsa! Tayala lakumbuyo likuomba m'manja."

Hwindi anaseka, dalaivala anati tatsala pang'ono kufika, anthu anayamba kung'ung'udza kuti gogo ameneyu akutichedwetsa. Sisi anamenyanso denga, kawiri, mpaka kombi inaima. Anatsika, anazungulira kumbuyo, analoza pamene labala anayamba kutukuka m'mphepete, potalika ngati chikhatho. Dalaivala anayang'ana, anakankha ndi nsapato, n'kunena kuti lifika. Mayi wina wa khanda kumsana anatsika. Ena onse anakhala momwemo, ndipo kombi inapita.

Tinatsala atatu m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo. Ndinayamba kudandaula za mabasiketi anga ndi mtunda umene unatsala. Sisi ananyamula basiketi lolemera n'kulisenza pamutu.

"Ukulongolola chiyani? Miyendo uli nayo. Mayi, bweretsani chikwamacho ndikunyamulireni, inu musamale mwana."